Pamene Camshaft Ikula Kuposa Injini

Injini ya V8 yoikidwa camshaft yaukali imamveka galimoto isanaoneke. Ikaima pamaloboti siilira mosalala; imatsokomola, gudu-gudu, gudu-gudu, thupi lonse la galimoto n'kumagwedera, ndipo woyenda pansi amangozindikira wacheuka kale. Ku America, kumene mwambo wowonjezera mphamvu galimoto zoyendera mumsewu unakhwimira, alipo anthu amene amagula camshaft chifukwa cha kuliraku basi. Wolemba nkhani ino sawanyoza anthu amenewo, pakuti nayenso kulira kumeneku kumamufika pamtima. Komabe wakhala akulingalira zimene zimachitika m'kati mwa chitsulomo pa nthawi yoteroyo, ndipo chimene wapeza n'chakuti phokoso lokomalo ndi la injini imene ikuvutika kukoka mpweya. Anaipangira marevu 6,000, koma mwini wake waiimika pamzere wa galimoto pa marevu 900.

Camshaft ndi chitsulo chachitali chokhala ndi mfundo zotundumuka mbali imodzi. Imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri, ndipo mfundo iliyonse ikafika pamalo pake imakankha valavu kuti itseguke. Kaumbidwe ka mfundoyo ndiko kamalamula kuti valavu itseguke liti, ikwere motalika bwanji, ndiponso ikhale chitsegukire kwa nthawi yaitali bwanji. Nthawi imeneyi amaiyeza ndi madigiri a kuzungulira kwa crankshaft, ndipo opanga ma camshaft ku America anazolowera kuyamba kuwerenga pamene mfundo yakankha mainchesi 0.050, omwe ndi mamilimita 1.27. Pa muyezo umenewu, V8 ya galimoto yapabanja imakhala cha m'madigiri 200. Yamumsewu yaukali pang'ono imakhala pakati pa 215 ndi 230. Ikadutsa 240, ndiye kuti yayamba kuyang'ana kubwalo la mpikisano.

Madigiri makumi angapo okhawa amasinthiranji khalidwe la galimoto yonse? Yankho lili mu mpweya. Mpweya uli ndi kulemera kwake, ndipo ukayamba kuthamanga suima msanga. Pa marevu ambiri umalowa m'silinda ndi liwiro lalikulu moti ngakhale pisitoni itafika pansi n'kuyamba kukweranso, iwo umapitirizabe kulowa. Pamenepo valavu yochedwa kutseka imapindulitsa, chifukwa silinda imadzaza bwino. Koma pa marevu ochepa mpweya ulibe liwiro limenelo. Pisitoni ikayamba kukwera valavu ikadali yotsegula, imaukankha n'kuubweza kumene unachokera, silinda n'kutsala ndi wochepa woti ipanikize. Palinso kanthawi kena kamene valavu yolowetsa ndi yotulutsa zimakhala zotsegula zonse ziwiri. Injini ikamathamanga, utsi wotuluka umathandiza kukoka mpweya watsopano. Ikaima, utsiwo umabwerera n'kusakanikirana ndi petulo, moto n'kumayaka bwino ulendo uno, moperewera ulendo wotsatira. Kutsokomola kuja kumachokera apa.

Choncho camshaft yaikulu imasamutsa mphamvu, kuichotsa m'munsi n'kuipititsa pamwamba. Chimene yapereka pa marevu 6,000 yachilanda pa marevu 2,000. Woyendetsa galimoto yampikisano sadandaula, pakuti pa marevu 2,000 amangodutsapo kamodzi ponyamuka. Woyendetsa mumsewu amathera moyo wake pomwepo.

Galimoto imene wolembayu amaibwerera kawirikawiri akamaganiza za nkhaniyi ndi Chevrolet Camaro Z/28 ya zaka za 1967 mpaka 1969. Inabadwa chifukwa cha lamulo. Mpikisano wa Trans-Am, umene bungwe la SCCA linauyambitsa mu 1966, sunkalola injini yoposa makyubiki inchesi 305, omwe ndi malita 5, ndipo galimoto yopikisana inkayenera kukhala yoti anthu wamba angaigulenso. Chevrolet inalibe injini yokwanira bwino pamalire amenewo. Vince Piggins ndi anzake pakampaniyo anatenga buloko ya injini ya 327, ya masilinda otambalala mainchesi 4, n'kuikamo crankshaft yofupika ya mainchesi 3 yofanana ndi ya injini ya 283. Zinatuluka 302, malita 4.9. Pisitoni yoyenda mtunda waufupi chotere imalola injini kuzungulira kwambiri osadzivulaza, ndipo iwo anaipatsa zonse zoyenera injini yothamanga: mavalavu aakulu, kabuleta yaikulu ya Holley, kupanikiza kwa 11:1, ndi camshaft yotchuka ya 30-30 imene inkagwira ntchito mu Corvette, ya madigiri pafupifupi 254. Camshaft imeneyi inkafuna kuti mwini wake azitsegula injini nthawi ndi nthawi n'kuchuna mpata wa mavalavu ndi manja.

Papepala analemba 290 horsepower pa marevu 5,800, ngakhale anthu ambiri odziwa injiniyi amavomereza kuti mphamvu yake yeniyeni inali yoposa pamenepo ndipo inkabwera pa marevu okwera kuposa amenewo. Kubwalo inachita zimene anaipangira. Mark Donohue, woyendetsa wa timu ya Roger Penske, anapambana mipikisano 10 mwa 13 ya chaka cha 1968, ndipo Chevrolet inatenganso chikho mu 1969. Anthu anaikonda: mu 1967 anapanga 602 zokha, koma mu 1969 zinapitirira 20,000.

Mumsewu inali nkhani ina. Injini yaing'ono yokhala ndi camshaft yaikulu chotere inalibe mphamvu yokwanira m'munsi, ndipo ponyamuka pamaloboti pankafunika kuponda moto ndi kumasula kilachi mosamala. Chimene wolembayu amalemekeza pa a Chevrolet a nthawi imeneyo n'chakuti sanabise zimenezi. Z/28 ya 302 sanaigulitse ndi giyabokosi ya otomatiki, sanaiikire makina oziziritsa m'kati, ndipo inkabwera ndi magiya anayi a pamanja a Muncie ndi difu ya 3.73. Wofuna zambiri ankatha kuitanitsa difu ya 4.10 kapena yoposa apo. Anadziwa kuti injini yoteroyo imafuna magiya oti aziikweza msanga kumene kuli mphamvu yake.

Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya pachitunda amadziwa kuti miyendo ili ndi liwiro limene imapalasa bwino, ndipo ntchito ya giya ndi kuisunga pa liwirolo, kaya msewu wakwera kaya watsetsereka. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi, kungoti ili ndi magiya m'malo awiri, mu giyabokosi ndi mu difu. Difu ya 3.73 imatanthauza kuti chitsulo chochokera ku giyabokosi chizungulire maulendo 3.73 kuti tayala lizungulire kamodzi. Nambala ikamakula, mphamvu yofika pa tayala imachuluka, marevu amakwera msanga, koma mtunda woyenda pa kuzungulira kulikonse kwa injini umachepa.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo wolembayu amakhulupirira kuti munthu aziyamba wawachita asanagule chitsulo chilichonse. Tayala lotalika masentimita 66 limayenda mamita 2.07 likazungulira kamodzi, choncho pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi. Magiyabokosi akale a ku America, monga Muncie ndi otomatiki ya TH350, giya yawo yomaliza inali ya 1:1. Ndiye kuti pa liwiro lomwelo, difu ya 3.08 imaika injini pa marevu pafupifupi 2,470, ya 3.73 pa 3,000, ya 4.11 pa 3,300, ndipo ya 4.56 pa 3,660. Amene waika camshaft yoyamba kugwira bwino pa marevu 3,500 n'kusiya difu ya 3.08 adzayenda ulendo wonse injini ili pamalo pamene ilibe mphamvu, ndipo akafuna kupitirira lole adzayamba watsitsa magiya awiri. Amene wathawira ku 4.56 galimoto yake idzalumpha ponyamuka, koma paulendo wa maola atatu phokoso lidzamutopetsa, injini idzatentha, ndipo thanki idzauma asanayembekezere.

Giya yoyamba nayo ili ndi mawu pankhaniyi. Muncie ya magiya oyandikana inali ndi giya yoyamba ya 2.20, ndipo ukachulukitsa ndi 3.73 umapeza 8.2 basi. Ya magiya otalikirana inali ndi 2.52, zimene zimapereka 9.4 ndi difu yomweyo. Kusiyana kumeneku kumamveka pamwendo wa kilachi m'mawa uliwonse. Magiya oyandikana amathandiza kuti marevu asagwe kwambiri posintha, chinthu chofunika zedi kwa injini yokhala ndi mphamvu pamwamba pokha, koma mtengo wake amaulipira woyendetsa nthawi iliyonse imene akunyamuka pachitunda.

Mu 1970 malamulo a Trans-Am anafewa, n'kulola kuti matimu achepetse injini yaikulu kuti ikwane pamalire. Chevrolet sinachedwe. Z28 ya chaka chimenecho inabwera ndi injini ya LT-1 ya makyubiki inchesi 350, malita 5.7. Masilinda anali otambalala chimodzimodzi, koma crankshaft inatalika kufika mainchesi 3.48, ndipo camshaft inafatsa pang'ono kumbali yolowetsa mpweya. Inalembedwa 360 horsepower, ndi torque ya 380 lb-ft poyerekeza ndi 290 ya 302 ija. Kwa nthawi yoyamba munthu ankatha kugula Z28 ya otomatiki. Okonda 302 ena mpaka lero amati galimotoyo inataya ukali wake, ndipo wolembayu amamva chimene akutanthauza, pakuti injini yokwera marevu 7,000 ili ndi chisangalalo chakechake. Koma akafunsidwa kuti ndi iti imene inali galimoto yabwino yamumsewu, iye sazengereza: ndi ya 1970.

Chifukwa chake n'chakuti injini yaikulu imameza camshaft. Silinda imodzi ya 302 ndi ya ma cc 618, ya 350 ndi 717. Silinda yaikulu imakoka mpweya wambiri kudzera pa valavu yomweyo, choncho mpweyawo umathamanga ngakhale marevu ali ochepa, ndipo liwiro lija limene valavu yochedwa kutseka imalifuna limafika msanga. Okonza injini ku America anapitiriza nzeru imeneyi ndi injini imene amaitcha 383: buloko ya 350 yokulitsidwa masilinda pang'ono, yoikidwa crankshaft ya mainchesi 3.75 ngati ya injini ya 400, n'kukhala malita 6.3. Injini ya 383 pa marevu 2,400 imakoka mpweya pafupifupi wofanana ndi umene 302 imakoka pa marevu 3,000. Camshaft imene imavutitsa 302 m'tauni imakhala yaukali moyenera mu 350, ndipo mu 383 imaoneka yofatsa. Izi zikutanthauzanso kuti 383 siifuna difu ya nambala yaikulu, chifukwa mphamvu ili nayo kale m'munsi. Kuipatsa 4.56 n'kungomaliza matayala.

Pali zinthu zina zimene camshaft yaikulu imakoka m'mbuyo mwake, ndipo wogula mopupuluma amazizindikira mochedwa. Popeza valavu yochedwa kutseka imataya mpweya wina, injini imafunika kupanikiza kwambiri kuti ibweze chimene chatayika, ndipo kupanikiza kwambiri kumafuna petulo wa octane yokwera. Mu 1971 General Motors itatsitsa kupanikiza pokonzekera petulo wopanda mtovu, LT-1 ija inachoka pa 11:1 kufika pa 9:1, mphamvu n'kutsikira ku 330. Mabuleki a galimoto zambiri amadalira kukoka kwa mpweya kochokera ku injini, ndipo camshaft yaikulu imachepetsa kukokako, pedulo n'kulimba pamene munthu akufuna kuima mwadzidzidzi. Apa wolembayu sanyengerera: galimoto yoyenda pakati pa anthu siyenera kusinthanitsa mabuleki ndi phokoso. Kwa a otomatiki palinso torque converter, imene yafakitale imagwira marevu asanafike 2,000. Ikakumana ndi camshaft yoyamba ntchito pa 3,000, galimoto imakwawa ponyamuka, ndipo pamafunika ina yolola injini kukwera kaye isanagwire.

Chimene chinachepetsa mkangano wa difu chinali giya yopitirira 1:1. Mu 1982 General Motors inatulutsa otomatiki ya 700R4, ya giya yoyamba ya 3.06 ndi yachinayi ya 0.70. Ndi difu ya 3.73, galimoto imanyamuka ndi 11.4, kenako pa makilomita 100 pa ola injini imatsikira ku marevu pafupifupi 2,100. Koma apanso pali msampha: marevu 2,100 ndi abwino kwa camshaft ya madigiri 220, pamene ya 245 imadukizadukiza pamenepo.

Nkhaniyi si ya ku America kokha. Ku South Africa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makampani awiri anayankha funso limodzi m'njira ziwiri pa mpikisano wa Group N. Delta Motor Corporation ya ku Port Elizabeth inasiya injini ya Opel Kadett pa malita 2, n'kuikamo ma camshaft a Schrick a madigiri 276, owerengedwa mwa kayezedwe ka ku Ulaya, ndi difu yogwira matayala onse awiri. Mphamvu inakwera kuchoka pa 115 kufika pa 125 kW, ndipo galimotoyo inatchuka ndi dzina la Superboss. BMW inakulitsa injini ya 325i kuchoka pa malita 2.5 kufika pa 2.7, n'kutulutsa 325iS, Gusheshe imene Amalawi okhala ku Johannesburg amaiona ikuzunguzika m'mabwalo mpaka lero. Kadett inali yopepuka, choncho inkatha kupirira camshaft yaukali. Kulemera kwa galimoto ndi gawo la masamu omwewa.

Kumtunda kwa Johannesburg kumaphunzitsanso chinthu chimene chimakhudza Malawi mwachindunji. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Johannesburg ali pa mamita pafupifupi 1,750. Lilongwe ndi Blantyre ali cha pa mamita 1,000, kutanthauza kuti injini imafika kuno itataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yolembedwa m'buku lake. Camshaft imene ku Durban imangovutitsa pang'ono ponyamuka, ku Dedza imavutitsa kwambiri, ndipo galimoto yokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre imataya mphamvu pa nthawi yomwe chitunda chikuifuna.

Anthu a ku Japan anasankha kuthetsa vutoli m'kati mwa injini momwemo. Mu 1989 Honda inatulutsa Integra ya injini ya B16A yokhala ndi VTEC: mfundo zofatsa zoyendera m'tauni, ndi mfundo yachitatu yaukali imene imalowa ntchito marevu akadutsa 5,000. Malita 1.6 anapereka 160 PS. Toyota inabwera ndi VVT-i, imene imasuntha camshaft kuti mavalavu azitseguka mofulumira kapena mochedwerapo malinga ndi marevu.

Ngakhale zili choncho, funso lija silinathe, ndipo umboni wake ukuyenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Toyota Altezza RS200, imene inayamba kupangidwa mu 1998, ili ndi injini ya 3S-GE ya malita 2. Ya magiya asanu ndi limodzi a pamanja imapereka 210 PS pa marevu 7,600, ndipo torque yake yonse, 216 Nm, imafika pa marevu 6,400. Ya otomatiki imapereka 200 PS pa 7,000, koma torque yofanana ndi yomweyo imafika pa 4,800. Toyota inaika ma camshaft osiyana m'galimoto ziwirizi, ngakhale kuti zonse zili ndi VVT-i mbali zonse ziwiri. Akatswiri ake analolera kutaya 10 PS pamwamba kuti ya otomatiki izikoka bwino pamene imakhala nthawi zambiri. Wolembayu amaona kuti apa pali phunziro lofunika kwa makaniko amene amachotsa injini m'galimoto yangozi n'kuilumikiza ku giyabokosi imene ilipo, kapena kugula difu kwa ogulitsa zipangizo zakale poyang'ana kuti mabawuti akugwirizana basi. Nambala ya difuyo ndi yofunika kuiwerenga. Matayala nawonso amasintha magiya mwakachetechete: tayala lotalika ndi 5 peresenti kuposa lafakitale limasandutsa difu ya 4.1 kukhala ngati ya 3.9, ndipo injini yokonda marevu ngati 3S-GE imamva kusinthako nthawi yomweyo.

N'chifukwa chake mnyamata akabwera kwa iye ndi chithunzi cha camshaft pafoni, wolembayu amayamba ndi kumufunsa kumene galimotoyo iziyenda, kulemera kwake, kutalika kwa matayala, ndi marevu amene singano imaloza akakhala paulendo wamasiku onse. Mayankho amenewo ndiwo amasonyeza chigawo cha marevu chimene injini iyenera kukhala yamphamvu. Kwa galimoto zambiri zamumsewu chigawocho chimayamba cha pa 2,000 n'kuthera cha pa 5,500, ndipo camshaft yochikwanira imakhala yocheperapo kuposa imene mtima umalakalaka. Pakakhala ziwiri zoti asankhepo, iye amalangiza yaing'onoyo, chifukwa imene yachepa pang'ono imangomana mwini wake mphamvu zochepa pamwamba pamene safikapo kawirikawiri, koma imene yakula imamuvutitsa pamaloboti aliwonse.

Atapatsidwa Camaro yakale kuti aikonze yekha, akudziwa kale chimene angachite. Angaikemo 383 ya kupanikiza kwa pafupifupi 9.5:1, yoti izimwa petulo wapampu popanda kugogoda, ndi camshaft ya madigiri a m'ma 220. Kumbuyo angaike difu ya 3.73 yogwira matayala onse awiri, ndipo pakati giyabokosi ya pamanja yokhala ndi giya yomaliza ya cha m'ma 0.70. Galimoto yotero ingakwere Khwekhwerere pa giya yachitatu popanda kudandaula, mabuleki ake angagwire mofewa m'tauni, ndipo pamsewu wa M1 pa makilomita 100 pa ola singano ingakhale pa marevu 2,100.